Kodi Ndondocha Zimadya Chiyani?

M'chaka cha 2024, madzi atachepa ku Kariba ndipo malaiti akuzima kwa maola ambiri tsiku lililonse, nyumba yathu ya ku Mtendere inabwerera ku chizolowezi chimene ambiri a ife mu Lusaka tinali titachisiya, chokhala mozungulira mbaula tikatha kudya n'kumamvetsera munthu mmodzi akusimba nkhani. Wosimbayo ndinali ine, chifukwa kwa nthawi yaitali ndakhala ndikulemba nkhani yochitikira m'dziko lopeka. Dzikolo ndi chigwa chachikulu chokhala ndi mtsinje umodzi, boma limodzi, msewu wafumbi ndi midzi yomwazikana, ndipo mmenemo afiti, ndondocha, opopa magazi ndi zinjoka za m'madzi zilipodi. Cholinga changa n'chakuti wowerenga akhulupirire kuti chigwacho angachipeze penapake pakati pa Petauke ndi Chipata atangopatuka pa msewu waukulu. Ana a mlongo wanga, amene anazolowera zilombo za m'masewera a pa foni, ndiwo anali omvera anga oyamba.

Usiku wina ndinafika pa mutu umene munthu wolemera wa m'chigwamo amatsegula kachipinda kobisika n'kutulutsa ndondocha zake kuti zikamulimire anthu ali m'tulo. Ndinazifotokoza mmene tonse tinazimvera tili ana: anthu amene abale awo anawalira maliro n'kuika m'manda thunthu la nthochi poganiza kuti ndi mtembo, odulidwa lilime, ogwira ntchito osadandaula. Ndikuyembekezera kuti ana agwidwe ndi mantha, mwana wamkazi wa mlongo wanga, wa zaka khumi, anafunsa ndi mawu odekha kuti: "Amalume, ndondochazo zimadya chiyani? Nanga ufa wake amagula ndani? Ngati zilipo makumi awiri, thumba limodzi silingafike sabata, ndiye wa pachigayo sadabwa?"

## Yankho linachokera pa mphasa

Ine ndisanatsegule pakamwa, amayi aakulu, amene anabwera kuchokera ku Katete kudzaonana ndi dokotala wa maso ndipo anali atakhala phee pa mphasa, anakonza kukhosi n'kunena kuti: "Mkazi mnzanga wafunsa funso la akulu. Zimadya phoso, mwanawe, ufa wa mgaiwa, nyemba zofumbwa ndi kamchere. Ine ndondocha ndinakhala nayo nyumba imodzi, ndipo anali alongo anga."

Alongo awowo, amene kwa ine ndi amalume ngakhale sindinawaone, anachoka kumudzi ali mnyamata wongokwatira kumene, m'zaka zija za chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, pamene msonkho unkafuna ndalama zimene munda wa chimanga sunkatha kubala. Anakwera malole a ulere opita ku Southern Rhodesia, kumene akuluakulu ankangokutcha kuti ku Walale, ndipo analembedwa ntchito pa famu ya fodya. Chaka choyamba anatumiza bulangete ndi kalata, kenaka kunangoti zii. Patapita zaka zingapo, munthu wina wa mudzi woyandikana nawo anabwera ndi jekete lawo n'kunena kuti mwini wake anamwalira ndi malungo ndipo anaikidwa komweko. Mudzi unalira, abale anameta, mowa wa bona unaphikidwa, mkazi anasudzulidwa n'kukwatiwa kwina, ndipo dzina lawo linapatsidwa kwa khanda la m'banjamo.

"Anachoka ine ndili kamtsikana kosatha kusenza mtsuko," anatero amayi aakulu, "ndipo anabwera ndili ndi ana anayi, Zimbabwe itangolandira ufulu. Tinangoona munthu ataima pansi pa mtengo wa mango, wopanda katundu, atavala nsapato za matayala. Amayi anakomoka, ana anathawira kuseri kwa nkhokwe, ndipo palibe anayerekeza kumugwira dzanja mpaka anyakwawa atafika."

Zimene zinawachitikira anazifotokoza pang'onopang'ono, kwa alongo awo okha, pa zaka zonse zimene anakhala ndi moyo pambuyo pake. Chitupa chawo chinkasungidwa ndi bwana, ndipo wopanda chitupa sakanayenda mtunda wautali osagwidwa. Malipiro ankabwera tiketi ikadzaza masiku 30, koma tsiku linkalembedwa pokhapokha mgwazo wa tsikulo ukatha, moti munthu wodwala kapena wofooka ankagwira mwezi ndi theka kuti alandire ndalama za mwezi umodzi, ndipo ndalamazo zinkathera ku ngongole ya pa sitolo ya famu yomweyo. Famuyo itagulitsidwa, antchito anatsala m'manja mwa mwini watsopano amene anawasamutsira kudera lina. Jekete lija analipereka ngati chikole kwa mnzawo wopita kwawo, ndipo mnzawoyo, poopa kufunsidwa kuti chovala cha mwini wachipeza bwanji, anaona kuti n'kwapafupi kulengeza imfa. Manyazi obwerera chimanjamanja anawonjezera zaka, ndipo malire a Rhodesia ndi Zambia atatsekedwa mu 1973, njira ya kwawo inatalikiratu.

Atabwera sankayankhula, ndipo akayankhula ankasakaniza Chishona ndi Chilapalapa moti ana ankawaseka mpaka iwo anasiyiratu. Ankadzuka tambala asanalire n'kukaima pakhomo kudikira belu la ntchito limene kumudziko kunalibe. Mwezi ukawala ankatenga khasu n'kukalima, nthawi zina m'munda wa mwini. Ankadya okha, mofulumira, atayang'ana kukhoma, ndipo nsima yotsala ankaibisa kudenga. Anthu anaphatikiza zimenezi ndi maliro amene analira kale, ndipo sanavutike kupeza dzina la zimene ankaona.

Apa amayi aakulu anatsitsa mawu. M'mudzimo munali bambo wina amene anagula chigayo ndi ndalama zimene analandira atapuma ntchito ku migodi ya ku Copperbelt. Mphekesera inayamba yakuti ndiye anasunga amalume m'kachipinda ka injini zaka zonsezo, ndipo kulemera kwake kunachokera pamenepo. Usiku wina anyamata anamusasulira denga, iye anathawa ndi banja lake osabwereranso, chigayocho chinachita dzimbiri, ndipo amayi a m'mudzimo anayambiranso kusenza chimanga ulendo wa tsiku lathunthu. "Mwini famu uja sanadziwe n'komwe kuti kuli mudzi wotero," anatero. Kenaka anatembenukira kwa ine: "Ndiye ukamalemba, mwana wanga, uzilemba kuti zimadya, ndipo uzilemba kuti amene anazidyera thukuta sagona pafupi."

## Mmene ndondocha imapangidwira m'chigwa changa

Kuyambira usiku umenewo ndinayamba kufunsa cholengedwa chilichonse cha m'nkhani yanga mafunso amene munthu amafunsa pa nyumba iliyonse yokhalamo anthu: chakudya chichokera kuti, wophika ndani, wodwala amapita kuti, wakufa amaikidwa kuti, ndipo phindu limalowa m'thumba la yani. Ndinaona kuti kusandutsa chilombo kukhala chenicheni sikutanthauza kuchichotsera mphamvu zake n'kunena kuti zonse zinali matenda kapena maloto. Olemba ena amatero, ndipo ine ndimaona kuti amanyoza makolo amene anasimba nkhanizi, ngati kuti anali ana osadziwa kusiyanitsa munthu ndi chitsa. Makolowo ankafotokoza chinthu chimene anachiona ndi maso, chakuti munthu angathe kuchotsedwa pakati pa amoyo akupumabe, n'kumalemeretsa wina.

Choncho m'chigwa changa ndondocha imayamba ndi kaloba. Mnyamata wakongola ndalama zogulira feteleza, mvula yakana, chiwongoladzanja chakula, ndipo pa siteshoni ya basi akumana ndi munthu wovala bwino amene akumulonjeza ntchito ya miyezi itatu kumalo ootchera makala kapena kumaenje a golide. Akafika, foni ndi chitupa zimatengedwa kuti akuti zisungidwe bwino. Amamuika pakati pa anthu a chinenero china kuti asakhale ndi womudandaulira, ndipo lilime lake limafa popanda mpeni. Pomaliza kumudzi kwawo kumafika kalata ya imfa pamodzi ndi chovala chake, chifukwa palibe banja limene limapita kupolisi kukafunafuna munthu amene lamulira kale.

Pa ndondocha, matsenga ndinasiyamo amodzi okha, ndipo ndiwo msana wa nkhani yonse. Mankhwala amene wogwidwayo amamwetsedwa amamuiwalitsa dzina lake, koma sagwira ntchito mpaka abale ake enieni atameta ndi kuphika mowa wa bona. Chikondi cha olira ndicho chimatseka chitseko. Lamulo limeneli linandipatsa ngwazi imene sindinaiganizirepo, mayi wokalamba amene akukana kumeta chifukwa sanaone mtembo wa mwana wake, ndipo pokana iye yekhayo mwanayo kutaliko akukumbukirabe theka la dzina lake. Mudzi wonse ukumuona mayiyo ngati wamakani, ndipo ena ayamba kunong'ona kuti wokana kumeta ndiye anapha.

Wina angaganize kuti zoterezi n'zakale, za nthawi ya malole a ulere. Koma Zambia inakhazikitsa lamulo lolimbana ndi kuzembetsa anthu mu 2008 chifukwa vutolo lilipo, ndipo mu December 2022 mitembo 27 ya anthu amene ankaganiziridwa kuti ndi ochokera ku Ethiopia inapezeka itatayidwa m'mbali mwa msewu ku Ngwerere, kunja pang'ono kwa mzinda uno. Anthu amenewo anadutsa malire angapo ali m'manja mwa ena, ndipo pa malo alionse amene anaima panali wina wowatsegulira chitseko ndi wina woyang'ana kumbali.

## Gulu la oipa limafuna mlembi

Pakamwa makumi awiri pamatha thumba la ufa la makilogalamu 25 masiku atatu asanakwane. Munthu mmodzi sangagule, kunyamula, kuphika ndi kubisa zonsezo chaka ndi chaka, ndiye chinsinsicho chiyenera kukhala cha anthu ambiri. Apa m'pamene gulu la oipa la m'nkhani yanga linabadwira, ndipo silikumana kumanda usiku lili maliseche. Limakumana masana, pansi pa mtengo wa kachere, monga komiti ya maliro ya m'deralo, popeza amene amalengeza imfa, kugula bokosi ndi kusonkhanitsa chipepeso ndiye angathe kunena kuti wamoyo wafa anthu n'kumukhulupirira.

Wapampando wake ndi munthu wopatsa, amene lole yake imanyamula odwala usiku osalipiritsa. Pali woyendetsa loleyo, amene amati iye amangonyamula katundu. Pali ngwangwazi wa pa siteshoni amene amaloza anyamata ooneka osowa pogwira, wapolisi wa pa chotchinga amene amalandira ya madzi osatsegula tenti, sing'anga wosakaniza mankhwala, ndi mayi wamasiye amene amaphikira ogwidwawo n'kumawawonjezera ndiwo mobisa, akumadziuza kuti popanda iye akanavutika koposa. Koma amene ndakhala naye nthawi yaitali polemba ndi mlembi, mphunzitsi wopuma ntchito amene ndalama zake za penshoni zachedwa kwa zaka, wa dzanja lokongola, amene amalemba makalata a imfa pa mtengo womwewo umene amalembera makalata ofunsira ntchito. Sanamenyepo munthu, sanafikepo kumalo ootchera makala, ndipo Lamlungu amawerenga mawu kutchalitchi. Ine ndimamuopa kuposa sing'angayo, chifukwa anthu onga iye ndawaonapo, ndipo popanda cholembera chake gulu lonselo silingaime.

Afisi ndinawasunga, koma palibe amawakwera. Fisi amaswa mafupa ndi kuwagaya m'mimba, n'chifukwa chake ndowe zake zimauma zoyera, ndipo amayenda mtunda wautali usiku kutsata fungo. Ogwidwa akafa kuntchito satengeredwa kumanda, popeza manda awo alipo kale kwawo, ndiye amatayidwa kukhwawa. Afisi amazolowera malowo, anthu amaona mapazi awo ozungulira famu ya wapampando, ndipo amanena zoona ndithu akamati afisiwo ndi ake.

## Chala chimaloza yani

Nkhani zambiri zopeka zochokera kunja zimakhala ndi mtundu wathunthu wa zolengedwa zobadwa zoipa, za khungu lina ndi chinenero chokhakhala, zimene ngwazi ingaphe mazanamazana popanda wofunsa. Mwina kumene nkhanizo zinalembedwa palibe amene angaphedwe pa msika chifukwa choganiziridwa kuti ndi chimodzi mwa zolengedwazo. Kwathu kuno si choncho, ndipo wolemba amene amagwiritsa ntchito afiti ndi opopa magazi akugwira zinthu zimene zikadali zamoyo m'mitima ya owerenga ake.

M'nthawi ya atsamunda, kuyambira cha m'ma 1930, ku Northern Rhodesia kunafala mbiri ya banyama, anthu amene akuti ankagwira anzawo n'kuwapopa magazi kuti akawapereke kwa azungu. Manthawo sanachokere m'mutu mokha. Anthu ankaona antchito a boma akubwera kudzatenga magazi pofufuza matenda a kaodzera popanda kufotokoza bwino, ankasamutsidwa m'midzi yawo chifukwa cha kashembe, ndipo ankaona amuna akukwera malole osabwereranso. Chitaganya chili pafupi kukhazikitsidwa mu 1953, mbiri yomweyo inamatidwa pa anthu akuda amene ankaganiziridwa kuti akuchivomereza. Ku Malawi mu 2017 mphekesera ya anamapopa inayambira ku Mulanje ndi Phalombe n'kufika mpaka ku Blantyre, anthu anaphedwa ndi magulu okwiya, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma ena.

Ife a mu Lusaka sitifunika kuuzidwa. Mu April 2016, mitembo yochotsedwa ziwalo itapezeka ku George, Zingalume ndi madera oyandikana nawo, mkwiyo unagwera anthu ochokera ku Rwanda, mashopu awo anathyoledwa m'makomboni ambiri, ndipo anthu awiri amene anaotchedwa ku Kanyama anali nzika za Zambia. Kumayambiriro kwa 2020, nkhani ya opopera mankhwala m'nyumba itachoka ku Chingola n'kufika kuno, tinkagona titavala nsapato, anyamata akulondera ndi zibonga, asilikali ali m'misewu, ndipo anthu pafupifupi 50 anaphedwa ndi magulu a anthu m'dziko lonse. Ambiri mwa iwo mlandu wawo unali wakuti sankadziwika m'deralo. Lamulo la ufiti la mu 1914, limene likugwirabe ntchito, limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, koma khamu likasonkhana palibe amakumbukira lamulo.

Pa nthawi zonsezi mantha anali ndi chifukwa chake, koma chala chinaloza wapafupi: mlendo, nkhalamba yokhala yokha, wodwala misala, kapena mnansi amene zinthu zamuyendera. N'chifukwa chake m'chigwa changa mulibe mtundu wobadwa woipa, ndipo mulibe nkhalamba ya maso ofiira yokhala kumapeto kwa mudzi imene pomaliza imapezeka kuti inalidi mfiti. Sindingalembe chithunzi chimenecho podziwa kuti mawa wina adzachiona pa nkhope ya agogo a mnzake. Mphekesera ya opopa magazi ilimo m'nkhaniyo, koma ili ndi mwini wake. Komiti ya maliro ndiyo imaitulutsa nthawi iliyonse pakabwera munthu wowerenga zinthu, kaya namwino wofunsa chifukwa chake m'dera muli maliro ambiri opanda odwala, kaya wa kalembera wofuna kuona manda. Khamu limene limathamangitsa namwinoyo sindilinyoza, chifukwa ndi la anthu amene ana awo akusowadi.

## Zimene ndinazisiya mmene zilili

Napolo, chinjoka chimene amati chikamasamuka kuphiri chimagumula nthaka ndi kusefukitsa madzi, sindinamufotokozere chifukwa china chilichonse. Anthu a ku Zomba anamutchula phiri litagumuka mu 1946, a ku Phalombe anamutchulanso mu 1991, ndipo m'chigwa changa amadutsa pa nthawi yake osasankha wolungama kapena woipa. Chimene ndimalemba ndi chakuti ndani anagulitsa malo omanga nyumba m'njira yake. Chinjoka cha mu mtsinje ndinachiphunzira kwa Atonga ndi Nyaminyami wawo. Pomanga damu la Kariba pakati pa 1955 ndi 1959, anthu pafupifupi 57,000 anasamutsidwa m'chigwa cha Zambezi, ndipo madzi osefukira a mu 1957 ndi 1958 anawononga ntchito yomangayo. Kwa osamutsidwawo chinjokacho sichinali mdani, ndipo changanso si mdani.

Zilombo za Gule Wamkulu sindinazilowetse m'gulu la oipa, ngakhale mnzanga wina anandilangiza kuti zingaopseze bwino owerenga. Gule ali ndi eni ake, ali ndi dambwe lake ndi malamulo ake, ndipo chaka chilichonse amavinidwa pamaso pa Kalonga Gawa Undi pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika. Si zovala zoti wolemba abwereke pofuna kuchititsa nthumanzi.

## Wobwerera

Mutu umene ndikulemba tsopano ndiwo wovuta kuposa yonse, chifukwa mwana wa mayi wokana kumeta uja wathawa ndipo wafika kwawo. Nkhani zambiri zikanathera pamenepo ndi nthungululu, koma m'dziko lokhala ndi malamulo ndi miyambo, kubwerera n'kumene kumayambitsa milandu. Mkazi wake anasudzulidwa mwadongosolo ndipo ali ndi ana awiri kwa mwamuna wina. Munda umene ankalima unali wa kuchikamwini, ndiye sunali wake ndi kale lomwe. Unkhoswe wa mbumba unapita kwa mng'ono wake, amene sakufuna kuubweza, ndipo dzina lake likuyankhidwa ndi kamnyamata ka zaka zisanu ndi ziwiri. Pa bwalo la anyakwawa akuluakulu akutsutsana ngati munthu amene anaphikiridwa bona angakhale pa mphasa imodzi ndi amoyo asanachitiridwe mwambo wina, ndipo palibe akudziwa mwambowo chifukwa sunayambe wafunikapo.

Ku boma nako mabuku akuti munthuyo anafa. Popanda chitupa sangalembetse nambala ya foni, sangalowe m'kaundula wa olandira feteleza, ndipo sangakasume mlandu, popeza wodandaulayo kulibe. Amuuza kuti abweretse kalata yochokera kumudzi yotsimikiza kuti ndi iyeyo ndipo ali moyo. M'dera lonselo munthu wodziwa kulemba kalata yoti boma liilandire ndi mmodzi, mphunzitsi wopuma uja. Mayi wokalambayo agulitsa nkhuku, atenga mwana wake pa dzanja, ndipo akukhala pakhonde la mlembiyo. Iye akuwayang'ana nthawi yaitali, akulandira ndalamazo, ndipo akulemba, chifukwa kukana kukanafuna kuti afotokoze chifukwa chake.

Kalatayo ikufika pa tebulo la kalaliki wamkazi wongoyamba kumene ntchito, amene malamulo akumuuza kuti aiike m'faelo imodzi ndi chikalata cha imfa. Akutsegula faeloyo, akuika mapepala awiriwo pamodzi, ndipo akuona kuti dzanja limene linalemba kuti munthuyu wafa ndi lomwelo lalemba kuti ali moyo. Akutseka chitseko cha ofesi n'kuyamba kutulutsa mafaelo a imfa zonse za m'deralo za zaka khumi zapitazo.